MPINGO NDI NYUMBA ZA BWINJA M'TAUNI

Nkhani yathu ya lero iri ya nyumba, koma si nyumba zatsopano ai. Ndifuna tikambe za nyumba zimene zinamangidwa kale, anthu nakhalamo, nazisiya; makamaka nyumba zotere zikakhala za mpingo, kapena zikaperekedwa m'manja mwa mpingo kuti uzikonze.

Kwathu kumudzi anthu akasamuka timati pamalo paja pasanduka bwinja. Bwinja la kumudzi silibvuta munthu. Ciswe cidya nsici, mvula igwetsa zipupa, ndipo zikapita zaka zitatu pamera bonongwe ndi maungu. Bwinja la m'tauni silitero. Nyumba ya njerwa ndi simenti siigwa msanga. Ingoima pakati pa nyumba zinzace, mazenera ali osweka, udzu uli m'khonde, ndipo tsiku lina isanduka ya munthu ali yense amene ali ndi mphamvu ya kuthyola citseko.

Tiyambire pa Nigel, m'dziko la South Africa. Mudzi umenewu uli kum'mawa kwa Johannesburg, cakumwera pang'ono, ulendo wa makilomita ngati 60, kumalekezero a dera la migodi lochedwa East Rand. Kale panali munda wa mlimi wina wacizungu, dzina lace Petrus Johannes Marais, ndipo malowo anali kuchedwa Varkensfontein. Golidi atapezeka pamenepo, inakhazikitsidwa kampani ya Nigel Gold Mining Company m'caka ca 1888, ndipo mudzi unatenga dzina lace ku mgodiwo. Mgodi wina wapafupi, wochedwa Sub Nigel, unachuka kwambiri cifukwa ca kulemera kwa miyala yace. Akuluakulu ena mwa inu akumbuka masiku a Wenela, pamene anyamata a ku Dedza, a ku Lilongwe ndi a ku Mzimba anali kudinda cala kuti apite ku migodi ya kumene tinali kuti ku Joni. Dera lomwelo ndilo tirikunena.

Koma golidi samera ngati cimanga, kuti ukakolola caka cino udzabzalenso caka camawa. Sub Nigel inaleka kukumba m'caka ca 1971, ndipo migodi yambiri ya pa East Rand inatsekedwa umodzi umodzi. Mgodi ukatsekedwa, anthu ace abalalika, nyumba zao nizitsala. Ici ndico cifukwa coyamba ca mabwinja m'midzi yotere.

Caciwiri cinali lamulo. M'caka ca 1950 Boma la South Africa linaika lamulo la Group Areas Act, logawa malo okhala monga mwa khungu la munthu. Anthu akuda a pa Nigel anali kukhala pa Charterston, koma Boma linati malowo ayandikana kwambiri ndi tauni ya Azungu. Cotero m'caka ca 1964 unayambika mudzi wina, dzina lace Duduza, ndiko kuti kutonthoza m'Cizulu, ndipo anthu anasamutsidwira kumeneko, afune asafune. Tsono mpingo ndiwo anthu. Anthu akakwezedwa pa lole, mpingo upita nao. Koma zipupa za chalichi sizikwera lole.

Lamulo lija linafafanizidwa m'caka ca 1991, ndipo kusamuka kunayambanso, tsopano mwa kufuna kwa eni. M'matauni ambiri a dzikolo mabanja amene anali kudzaza machalichi a pakati pa mudzi anapita kukamanga kunja, ana ao napita ku mizinda yaikuru. Mipingo iwiri inaphatikizana nikhala umodzi, mbusa mmodzi nayang'anira paŵiri. Nyumba ya abusa imodzi inatsala yopanda wogonamo. Cimodzimodzi holo ya misonkhano ndi zipinda za Sande sukulu.

Pamene nyumba zina zirikutsekedwa, anthu ofuna pogona alikucuruka. Pa Nigel pakhala pali nchito ya kupanga masitima a pamtunda kuyambira pamene kampani ya Union Carriage and Wagon inakhazikitsidwa m'caka ca 1957, ndipo m'caka ca 2018 inatsegulidwa fakitale ina ya masitima, ya Gibela, pa Dunnottar pafupi pomwepo. Pamene pamveka mbiri ya nchito anthu afikapo, aipeze nchitoyo kapena asaipeze. Ambiri agona m'tinyumba ta malata timene kumeneko amati mikhukhu. Abale athu a ku Malawi, ku Zimbabwe ndi ku Mozambique ali pakati pa iwo.

Tsono tiyerekeze kuti akulu a mpingo wina pa mudzi wonga Nigel akhala pansi kukamba za nyumba yao ya abusa imene yakhala yotseka zaka ziwiri. Wina adzati, Tiyeni tiisiye, tidzaona m'tsogolo. Mau amenewa amveka anzeru, koma kudikira kuli ndi mtengo wace. Lamulo la msonkho wa malo la caka ca 2004 limasula ku msonkho nyumba yopemphereramo, pamodzi ndi nyumba imene mbusa wotsogolera mapemphero agonamo. Nyumba yopanda mbusa siiyenera kuyembekeza cifundo cimeneco. Ndiponso pali akuba. Inu a ku Kitwe ndi ku Ndola mudziwa mtengo wa mkuwa. Wakuba wa m'tauni audziwanso, ndipo usiku umodzi umkwanira kuzula mawaya a magetsi ndi mapaipi a madzi m'nyumba yonse, nakawagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Akatha akuba alowa osowa pogona. Iwowa akakhazikika, mwini nyumba sangawaturutse ndi manja ace, pakuti kuyambira caka ca 1998 lamulo la dzikolo likaniza kucotsa munthu pamene agona popanda ciweruzo ca khoti. Cotero mpingo umene unati tidzaona m'tsogolo upezeka uli ndi ngongole, ndi nyumba yopanda madzi, ndi mlandu.

Wina mwa akuluwo adzati, Tiyeni tiikonze, tiikemo osauka. Awa ndi mau abwino. Koma asanaitane mmisiri, ndikadakonda kuti akwere basi apite ku Johannesburg, akaone nyumba zitatu zimene zinakhalapo m'manja mwa anthu a Mulungu, iri yonse ndi mathero ace.

Yoyamba iri ku Hillbrow. Hillbrow ndi dera la nyumba zazitali zosanjikiza, kumene kale kunali kukhala Azungu okha mwa lamulo. M'zaka za m'ma 1980 anthu a mitundu yonse anayamba kulowako, eni nyumba ambiri nathawa, naleka kukonza nyumba zao. Kumeneko kunali mpingo wa Johannesburg East wa Dutch Reformed Church. Dzina la Eklesia ameneyu si lacilendo kwa ife, pakuti ndi yemweyo amene anatumiza Andrew Charles Murray kudzayamba mishoni pa Mvera m'caka ca 1889, kumene kunacokera Sinodi ya Nkhoma, ndiponso amene anayamba nchito pa Magwero pafupi ndi Chipata m'caka ca 1899. Mpingo wa Johannesburg East utaona kuti anansi ace asintha, unayamba m'caka ca 1986 kugawira zakudya anthu ogona m'miseu. Nchito imeneyi inakula nikhala bungwe lochedwa MES.

Posacedwa anazindikira kuti munthu ukampatsa cakudya madzulo nabwerera kukagona pakhonde la sitolo, mawa adzabweranso ali cimodzimodzi. Anafuna nyumba. Koma apa anacita cinthu cimene ndiciyesa ca nzeru kopambana m'nkhani yonseyi: sanasenzetse abusa ndi alaliki nchito ya kusonkhetsa lendi. M'caka ca 2004 anakhazikitsa bungwe lina lapadera loyang'anira nyumba zokha, nalicha Madulammoho, mau a Cisutu onena za kukhalira pamodzi. Nyumba yao yoyamba inali hotela yakale ya Europa, imene inali itaipa mbiri cifukwa ca ciwerewere ndi mankhwala oledzeretsa. Anaikonza naitsegula m'caka ca 2005.

Makonzedwe ace anali ngati makwerero. Pansi penipeni pali bedi la munthu amene alibe kanthu konse. Akapeza kanchito, akwera ku cipinda cogona anthu angapo, nalipira pang'ono. Akalimbikira, atenga cipinda cace cace, koma bafa, cimbudzi ndi khichini agawana ndi anzace. Pamwamba pali nyumba yathunthu ya banja. A MES asamala za munthuyo, za maphunziro ace, za thanzi lace ndi za kumfunira nchito. A Madulammoho asamala za denga, za mpopi ndi za lendi. Munthu mmodzi sangathe kukupempherera m'mawa, madzulo nadzakulonjerera ngongole; cimodzi mwa ziwirizi cidzafooka. Bungwe limeneli linakula, nilikonza nyumba zina m'Hillbrow, nilimanganso zatsopano kufikira ku Jabulani m'Soweto. Ku Pretoria nako mipingo ingapo ya pakati pa mzinda inagwirizana m'caka ca 1993, ndipo m'caka ca 1998 inabala bungwe la nyumba lochedwa Yeast City Housing, loyenda m'njira yofanana.

Nyumba yaciwiri ndiyo chalichi ca Central Methodist, pa Pritchard Street. Inu a ku Zimbabwe muidziwa bwino. Pamene cuma ca dziko lanu cinagwa, ndipo anthu anali kuoloka Limpopo usana ndi usiku, Bishopu Paul Verryn anatsegula zitseko za chalichico. M'caka ca 2008, caka cimene alendo anaukiridwa m'mwezi wa May naphedwa anthu 62 m'dziko lonse, ogona m'menemo anafika pa zikwi. Anali kugona m'mipando, m'makonde ndi pa makwerero. Munayambika sukulu ya ana, ndipo madokotala anali kuonamo odwala. Munthu asanyoze nchito imeneyi. Ambiri ali moyo lero cifukwa ca citseko cimene cija. Koma nyumbayo inamangidwira mapemphero a pa Sabata, ndipo zimbudzi ndi mipopi yace sizinalinganizidwe kutumikira mudzi wathunthu. Zinthu zinaonongeka, ngongole zinakula, akristu eni ace anagawikana, ndipo pakutha pa caka ca 2014 mpingo unatseka malo ogonawo. Makolo anati walira mvula walira matope. Cifundo cinalipo cambiri. Cimene cinacepa ndico muyeso wa anthu amene nyumbayo ikadatha kusenza.

Yacitatu ndiinena ndi cisoni. Pa nambala 80 Albert Street, ku Marshalltown, pali nyumba imene kuyambira caka ca 1954 inali ofesi ya mapasi, kumene munthu wakuda anali kuima pa mzere kupempha cilolezo ca kukhala m'Johannesburg. Mapasi atatha, nyumbayo, imene mwini wace ndi mzinda, inasanduka pothawira akazi ndi ana ozunzidwa, ndipo bungwe lacikristu la Usindiso Ministries ndilo linali kuiyang'anira. Usindiso ndiko kuti cipulumutso. Patapita zaka bungwelo linalephera kupitiriza, ndipo pofika caka ca 2019 nyumbayo inali m'manja mwa anthu olanda, amene anagawa zipinda ndi matabwa namasonkhetsa lendi ya m'thumba mwao. Makomo othawira anatsekeka, zozimira moto zinacotsedwa, magetsi anali akuba. Usiku wa pa 31 August 2023 munabuka moto, ndipo anafa anthu 76. Pakati pa akufawo panali ana, panalinso abale athu a ku Malawi amene anapita kukafuna nchito. Bungwe lofufuza, lotsogozedwa ndi woweruza Sisi Khampepe, linanena m'mwezi wa May 2024 kuti akuru a mzinda anadziwa za kuopsa kwa nyumbayo kwa zaka, osacitapo kanthu, ndipo ali nalo gawo pa mlanduwo.

Onani tsono: nyumba imeneyi inakonzedwapo kale, ndipo inatumikira bwino pa nthawi yace. Cinaipha ndico kusowa woigwirira mfungulo pamene oyamba aja anatopa. Pa cifukwa ici ndinena kuti kukonza nyumba ndiyo mbali yopepuka ya nchitoyi. Copereka capadera ca mwezi umodzi cigula malata ndi utoto, ndipo anyamata a mpingo akondwera kugwira nchito Loweruka limodzi kapena awiri. Koma mpopi udzadontha m'caka cacitatu, pamene cimwemwe ca tsiku lotsegulira caiwalika, mbusa amene anayambitsa nchitoyo atasamutsidwa, ndi mkulu amene anali kusunga buku atamwalira.

Pali cinanso cimene ngakhale a MES anaciphunzira ku khoti, ndipo ndiyenera kucinena kuti mungayese kuti njira yao inalibe zopunthwitsa. M'caka ca 2011 khoti laliluru la Constitutional Court, pa mlandu wochedwa Blue Moonlight, linagamula kuti mzinda wa Johannesburg uyenera kupezera pogona pa kanthawi anthu osauka amene anali kucotsedwa m'nyumba ina pa Saratoga Avenue ku Berea. Ena mwa iwo anaikidwa m'nyumba yochedwa Ekuthuleni, imene a MES anali kuyendetsa m'malo mwa mzinda. Kumeneko kunali malamulo awiri owawa. Loyamba, anthu onse aturuke pa 8 koloko m'mawa, asabwere kufikira hafu pasiti 5 madzulo, ndipo cipata citsekedwe pa 8 koloko usiku. Laciwiri, amuna agone kwao ndi akazi kwao, ngakhale ali okwatirana. Oika malamulowa anati afuna kuti anthu apite kukafuna nchito, ndi kuti akazi asungike. Koma taganizani za munthu wogwira nchito ya ulonda usiku, amene usana alibe pogona. Kapena nkhalamba yodwala imene iyenera kukhala pa mseu tsiku lonse. Pa 1 December 2017, pa mlandu wa Dladla, khoti lomwe lija linati malamulo awiriwo anyoza ulemu wa munthu, ufulu wace ndi cinsinsi ca moyo wace, ndipo linawathetsa.

Ife a mpingo tiri nako kakhalidwe kameneka, ndipo nkwabwino kukabvomera. Tikapatsa munthu cinthu, tiyesa kuti tagula ulamuliro pa moyo wace. Munthu wamkuru wolipira lendi, ngakhale yocepa, sali mwana wa sukulu ya bodingi. Malamulo a m'nyumba akhale a zinthu zokhudza onse: moto, ukhondo, phokoso, ciwerengero ca ogona m'cipinda. Za kumene apemphera, kapena ngati apemphera konse, zisalowe m'pangano la nyumba.

Tibwerere kwa akulu athu aja a pa Nigel ndi nyumba yao ya abusa. Iwo alibe hotela ya zipinda zambiri, ali ndi nyumba ya zipinda zinai kapena zisanu ndi holo imodzi, ndipo nkwabwino kuti ziri zocepa. Asanagwetse khoma liri lonse ayambe afunsa zaka za nyumbayo, cifukwa lamulo la National Heritage Resources Act la caka ca 1999 likaniza kusintha kapena kugumula nyumba yopitirira zaka 60 popanda cilolezo. Ndipo m'mudzi umene unakula pa masiku a golidi nyumba zambiri za mipingo zapitirira msinkhu umenewo. Apitenso ku ofesi ya Ekurhuleni, pakuti kuyambira caka ca 2000 Nigel iri pansi pa mzinda umenewo, akafunse ngati malo olembedwa kuti ndi opemphererapo aloledwa kugonapo anthu a lendi.

Pa kukonza kwenikweni, mtima wa munthu uthamangira utoto, cifukwa ndiwo uoneka ku mseu. Utoto ukhale wotsiriza. Ayambe ndi denga, popeza madzi olowa pamwamba aononga zonse za pansi. Atsate mapaipi ndi zimbudzi, ndipo ciwerengero ca zimbudzi ndico cinene ciwerengero ca anthu, osati kukula kwa cifundo ca akomiti. Magetsi aikidwe ndi mmisiri wa cikalata, cipinda ciri conse ndi mita yace yolipiriratu, kuti pasakhale kukangana kuti watha magetsi ndani. Ndipo pakhale makomo awiri oturukira, osatsekedwa ndi loko amene mfungulo yace iri ku tauni. Zitsulo za m'mazenera zimene ziletsa wakuba kulowa ziletsanso mwana kuturuka pa tsiku la moto.

Ndalama za lendi zisalowe m'mbale ya copereka. Zikhale ndi buku lao ndi akaunti yao ku banki, ndipo gawo lina liikidwe padera mwezi ndi mwezi kuyembekeza tsiku limene thanki ya madzi otentha idzaphulika. Mpingo ukayamba kutapamo kuti ulipire ulendo wa kwaya, nyumbayo yayamba kale kubwerera ku bwinja. Ngati nchito ikula kopitirira mphamvu ya akulu, lamulo la Social Housing Act la caka ca 2008 linatsegula njira yoti bungwe lobvomerezeka la nyumba lilandire thandizo la Boma. Pamenepo mpingo ungathe kubwereketsa nyumba yace ku bungwe lotere kwa zaka zowerengeka, malo nakhalabe ace.

Zimene ndanenazi sizili za South Africa yekha. Amai a Cigwirizano ndi a Mvano amene mulikumva ku Limbe ndi ku Lilongwe, ndi inu akulu a mpingo ku Kabwe ndi ku Bulawayo, mudziwa nyumba za mishoni zimene zaima zotseka: nyumba ya mphunzitsi, cipatala cakale, sitolo ya mabuku imene inagwa. Malamulo a msonkho ndi a malo asiyana m'dziko ndi dziko, ndipo muyenera kufunsa a kwanu. Koma pa msonkhano umene mudzakambe za nyumba yotere, musabalalike musanachule dzina la munthu amene adzagona pafupi nayo ndi kusunga mfungulo, malipiro ace a pa mwezi, kumene malipirowo adzacokera, ndi dzina la amene adzalowa m'malo mwace iye akadzacoka. Zinai zimenezi mlembi azilembe m'buku la msonkhano mmisiri asanakwere pa denga.